Za kapepala ka magazi unanditumizira

Mwana wanga,

Chithunzi cha zotsatira za magazi ako ndachiona, ndipo ndaonanso mawu amene walemba m'munsi mwake, oti palibe pakukupweteka. Mawu amenewo ndiwo andilembetsa kalatayi, chifukwa inenso ndinkanena choncho kwa zaka zambiri, kufikira tsiku limene adokotala anandiuza kuti ndili ndi shuga.

CRP imene yakuzunguza mutuyo ndi puloteni yopangidwa ndi chiwindi pamene m'thupi muli kutupa. Tikamva za kutupa timaganiza za chithupsa kapena bala lotentha. Koma kuli kutupa kwina kwa pang'onopang'ono, kosatenthetsa thupi, konyeka ngati khala lokwiririka m'phulusa. Kutupa kumeneku ndiko amafufuza ndi hs-CRP, njira yoyezera CRP yotha kuiona ngakhale ili yochepa kwambiri. Ikakhala pansi pa 1 mg/L, chiopsezo cha matenda a mtima n'chochepa. Kuyambira 1 mpaka 3 n'chapakatikati. Yako yadutsa 3.

Usathamangire kuchita mantha. Chimfine, matenda a nkhama, ngakhale fodya zimaikweza, ndipo ikapitirira 10 madokotala amayamba kukayikira matenda ena amene munthu wangodwala kumene. Choncho ukayezetsenso pakatha milungu iwiri, pa nthawi imene uli bwinobwino.

Koma ine ndikakuyang'ana, mwana wanga, ndikudziwa pamene pakufukira utsiwu. Ndi pamimba. Kale tonse tinkayesa kuti mafuta ndi katundu wongokhala phee m'thupi. Mu 1993 akatswiri ofufuza Gökhan Hotamisligil ndi Bruce Spiegelman anapeza kuti mafuta a mbewa zonenepa amatulutsa puloteni yoyambitsa kutupa yotchedwa TNF-alpha yochuluka, yomwe imachititsa kuti thupi lisamamvere insulini, chija chimatsitsa shuga m'magazi. Patapita zaka khumi ofufuza ena anaona kuti maselo a chitetezo otchedwa macrophage amadzazana m'mafuta a munthu wonenepa, ngati kuti muli mdani woti alimbane naye. Mafutawo amatulutsanso puloteni ina yotchedwa IL-6, ndipo IL-6 ndiyo imauza chiwindi kuti chipange CRP. Oipa kwambiri ndi mafuta okuta matumbo, poti magazi ochokera kumeneko amalunjika kuchiwindi. Apo puloteni yotchedwa adiponectin, imene imathandiza insulini kugwira ntchito, imakhala ikutsika. Mitsempha ya magazi nayo imawonongeka mwakachetechete, mwini wake akuyenda ndi kuseka.

N'chifukwa chake sindikufuna kuti maso ako akhale pa CRP yokha. Pali zinthu zisanu zimene amaziyang'ana pamodzi: kukula kwa mimba, BP ya 130/85 kapena kuposa, shuga wa 5.6 mmol/L kapena kuposa munthu asanadye, mafuta a m'magazi a triglyceride ofika 1.7 mmol/L, ndi kuchepa kwa HDL, cholesterol yabwino ija. Zikakumana zitatu, amati metabolic syndrome. Pakapepala kako ndawerenga ziwiri. Chachitatu ukachipeza wekha ndi tepi: uizungulize cha pamchombo utatulutsa mpweya, osakoka mimba. Kwa mwamuna, bungwe la International Diabetes Federation limayamba kuchenjeza pa 94 cm.

Chimene chimandipatsa mtima n'chakuti khala limeneli limazimitsika. Sikuti mpaka ubwerere thupi la unyamata wako. Kutsitsa magawo 5 mpaka 10 pa 100 a kulemera kwako kumasintha kale shuga ndi BP, ndipo CRP imatsika limodzi ndi sikelo. Uziyenda mofulumira mphindi 150 pa mlungu, uchepetse zotsekemera, ndipo uleke kugona pakati pa usiku chifukwa cha ntchito. Chonde usagule mapiritsi amene amati amatsuka magazi. Za mankhwala ukakambirane ndi adokotala ako.

Ine ndinadziwa izi mochedwa, maso atayamba kale kuchita chidima. Iwe wazidziwa nthawi ikadalipo. Ukayeza mimbayo undiimbire, undiuze nambala yeniyeni, ndi tsiku limene akupatsa lokayezetsanso magazi.

Ndine,
Mayi ako