Lipoti la msonkhano: chimene chimazimitsa wailesi ku Arctic ndi Antarctica

Aphunzitsi anzanga a sayansi,

Ku msonkhano umene munandituma kunakambidwa zambiri, koma ndikutulirani nkhani imodzi chifukwa ikukhudza zimene timauza ana m'kalasi. Timawaphunzitsa kuti chigawo cha mlengalenga chotchedwa ionosphere chimabweza mafunde a wailesi pansi. Ndi zoona, koma sitimawauza kuti chimamezanso mafundewo.

Padzuwa pakachitika kuphulika kwakukulu, pamachoka maprotoni (tizidutswa ting'onoting'ono ta mu atomu) othamanga koopsa. Kuno kwathu maginito a dziko amawatchinga. Ku Arctic ndi Antarctica mizere ya maginitoyo imalunjika pansi, ndiye maprotoni amatsika nayo kufika pakati pa makilomita 50 ndi 90 kuchokera panthaka, n'kumathothola maelekitironi mumpweya. Pamenepo mpweya ngothithikana kuposa kumwamba kwake. Elekitironi ikagwedezedwa ndi funde la wailesi imagundana ndi tizidutswa ta mpweya, mphamvu ya fundelo n'kuthera pomwepo. Wailesi za HF, zolankhulirana patali pa mafunde apakati pa 3 ndi 30 MHz, zimangoti zii, nthawi zina masiku angapo.

Chinandikopa kwambiri n'chakuti vutoli limakula masana. Usiku maelekitironi amakakamira ku okosijeni n'kuleka kumeza mafunde, koma dzuwa likawala limawamasulanso. Choncho, pakati pa Arctic ndi Antarctica, chigawo chimene chili m'nyengo yoti dzuwa sililowa chimavutika kuposa chinzake.

Akatswiri anayamba kuifufuza mozama nkhaniyi pambuyo pa kuphulika kumene kunachitika padzuwa pa 23 February 1956. Amayeza ndi chipangizo chotchedwa riometer, chimene chimamvetsera phokoso la wailesi lochokera ku nyenyezi, kawirikawiri pa 30 MHz. Phokosolo likachepa, ndiye kuti mlengalenga mukumeza.

Amene zimawapweteka ndi oyendetsa ndege. Kupitirira madigiri 82 kumpoto, masetilaiti okhala pamwamba pa ikweta samveka, ndipo kwa zaka zambiri HF ndiyo inali njira yokhayo yolankhulirana. Mu January 2005 ndege zambiri zinasintha njira pa chifukwa chimenechi. Kuyambira mu November 2019, bungwe loona za maulendo a ndege padziko lonse la ICAO lili ndi malo opereka machenjezo a mavuto otere.

Tisasokoneze izi ndi kuzima kwa wailesi kumene kumafika ndi kuno komwe. Kumeneko kumayamba ndi kuwala kwa X-ray, kumagwira mbali yonse imene kuli masana, ndipo kumatha m'mphindi kapena maola ochepa. Ndikupempha kuti pa mkumano wathu wotsatira tikonze phunziro losiyanitsa ziwirizi.