Kalata yopita ku Indiana: za madontho a ayironi

Salima

Wokondedwa mnzanga,

Moni wa kuno kunyanja. Tonse tili bwino, mvula yadula ndipo mpunga wa ku Lifuwu wayamba kucha. Ndasankha kukulembera kalata chifukwa funso lako lija ndi lalitali, silingathe pa WhatsApp.

Wati adokotala akupatsa madontho a ayironi (mchere umene thupi limafuna popanga magazi) oti uzimupatsa mwana wako poti wakwanitsa miyezi 4, ndipo ukufuna kugula mabotolo ena utumize kuno a khanda la mng'ono wako, pamodzi ndi mapiritsi owonjezera magazi a amayi ndi achimwene. Wakoyo uzimupatsa monga wauzidwira. Koma za kunozi, chonde ima kaye.

Mwana wobadwa masiku ake atakwana amabwera ndi nkhokwe yake ya ayironi, imene anatapa kwa mayi ake makamaka m'miyezi 3 yomaliza ya pakati. Mkaka wa m'mawere uli ndi ayironi wochepa, koma wochepayo amalowa bwino m'thupi la mwana, choncho nkhokwe ija imamufikitsa miyezi 4 mpaka 6. Ndi chifukwa chake ife anamwino masiku ano sitithamangira kudula mchombo: timadikira mphindi imodzi mpaka zitatu kuti magazi otsala m'nsengwa apite kwa mwana. Kumeneko ku America bungwe la madokotala a ana, American Academy of Pediatrics, linalangiza mu 2010 kuti mwana woyamwa bere lokha ayambe kulandira miligalamu imodzi pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake tsiku lililonse akafika miyezi 4, mpaka atayamba kudya zakudya za ayironi. Adokotala akowo akutsata zimenezo, ndipo sakulakwa. Ku Indiana kulibe malungo.

Kuno alipo, ndipo iwe ukudziwa mmene udzudzu umachitira m'madambo a Salima mvula ikangotha. Mu 2006 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu amene anachitika pa chilumba cha Pemba ku Zanzibar. Ana osakwana zaka 3 ankapatsidwa ayironi ndi folic acid (vitamini wothandizanso kupanga magazi) tsiku ndi tsiku popanda kuyamba awayeza magazi. Ana amene ankamwa mankhwalawo ankagonekedwa m'chipatala kapena kumwalira kuposa anzawo amene sankamwa, mpaka ochita kafukufukuwo anasiya kupereka nthawi isanakwane. Tizilombo ta malungo ndi tina toyambitsa matenda m'magazi nato timafuna ayironi kuti tichulukane, ndiye mwana amene sanali kusowa ayironi ukamuwonjezera, wathandiza tizilomboto. Pambuyo pake, mu 2016, WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, inati ana a miyezi 6 mpaka 23 angathe kupatsidwa ayironi m'madera mmene vuto la kuchepa kwa magazi ndi lalikulu, koma kumene kuli malungo zichitike pamodzi ndi kupewa, kuyeza ndi kuchiza malungowo. Botolo lobwera m'chikwama kuchokera kunja, mayi nkumangodonthezera mwana kumudzi, neti ili yobowoka, chipatala chili kutali, si zimene iwo ankanena.

Khanda la mng'ono wako ndaliwona kusikelo. Linabadwa masiku ake atakwana, lolemera bwino, ndipo likuyamwa mwamphamvu. Mpaka miyezi 6 bere lokha ndi lokwanira, asamupatse madzi kapena phala. Ana amene timawaganizira mwapadera ndi obadwa masiku asanakwane ndi obadwa osafika makilogalamu 2.5, monga amakhalira mapasa ambiri. Amenewo nkhokwe yawo imakhala yaing'ono, amafunikadi ayironi msanga, ndipo mlingo wake umayenderana ndi kulemera kwawo, choncho uyenera kuchokera kuchipatala.

Pamene ine ndimada nkhawa ndi mwana akapitirira miyezi 6. Apa mpamene ana athu ambiri amagwera. Mwana wa miyezi 7 mpaka 12 amafunika mamiligalamu pafupifupi 11 patsiku, kuposa bambo wamkulu, pomwe kamimba kake nkakang'ono. Nanga ife timamupatsa chiyani? Phala la ufa woyera lamadzimadzi, lothira shuga basi. Kwa anzathu a ku Nkhotakota ndi phala la ufa wa chinangwa, limene limakhutitsa koma mulibe ayironi wokwanira. Chimandiwawa kuti usipa ndi bonya tili nazo pakhomo pompano, zimadutsa m'madengu kupita ku Lilongwe, mwana wa msodzi nkumadya phala loyera. Umuuze mng'ono wako awume usipa, ausinje wonse ndi mitu yomwe, azithira supuni m'phala la mgaiwa pamodzi ndi nsinjiro. Tsiku lina dzira, tsiku lina kachiwindi ka nkhuku kophwanya bwino, nyemba zosenda, bonongwe kapena chisoso. Pambuyo pake kachipatso, kaya mango, papaya kapena lalanje, chifukwa vitamini C amathandiza ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba kulowa m'thupi. Tiyi ayi. Tiyi amatsekereza ayironi, koma m'makomo ambiri ndimapeza mwana wosakwana chaka akumwera m'kapu ya agogo ake. Ndipo bere asasiye mpaka zaka 2.

Tsopano za akuluakulu. Mayi wapakati mapiritsi aja ndi ofunika ndithu, ndipo amaperekedwa ulere kusikelo; WHO imati mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi patsiku pamodzi ndi folic acid. Akachira ndi bwino kupitiriza masabata 6 mpaka 12, makamaka ngati anataya magazi ambiri. Kupitirira apo mayi woyamwitsa safuna ochuluka monga ambiri amaganizira, chifukwa nthawi zambiri amakhala asanayambirenso kusamba. Pa mawerengedwe a kumeneko, wapakati amafunika mamiligalamu 27 patsiku, mayi amene akusamba 18, woyamwitsa 9, bambo kapena mayi amene anasiya kusamba 8. Ndipo mayi akamwa mapiritsi ambiri, mkaka wake suchuluka ayironi kwenikweni, ndiye asaganize kuti akumwera mwana.

Amayi ako anasiya kusamba kalekale. Achimwene ako, mwamuna wamkulu, amakhalira m'madzi ku Senga Bay. Anthu otere akachepa magazi, funso loyamba ndi lakuti magaziwo akutayikira kuti. Kwa achimwene ndikuganizira likodzo, limene latizungulira m'mbali mwa nyanja monse muno, kapena njoka za m'mimba. Kwa amayi zingakhale zilonda za m'mimba, makamaka poti wati amamwa mankhwala opha ululu wa mawondo pafupipafupi, ndipo pa msinkhu wawo tiyeneranso kutsimikiza kuti si khansa. Ukawatumizira mapiritsi adzamvako bwino pang'ono, nkukhala pansi, nthenda yeniyeni ikukula.

Vuto la kuchepa kwa magazi ndi lalikulu kwathu, sindikulichepetsa. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 63 mwa 100 aliwonse a miyezi 6 mpaka 59 anali ndi vutoli. Koma si onse chifukwa chosowa ayironi. Kafukufuku wina amene anachitika ku Blantyre ndi ku Chikwawa, wotuluka mu 2008, anawona ana amene magazi awo anachepa kwambiri, ndipo zimene zinapezeka zikuyenda ndi vutolo zinali malungo, tizilombo ta m'magazi, njoka za m'mimba, HIV ndi kusowa kwa mavitamini A ndi B12, osati kusowa ayironi kwenikweni.

Amayi akukonda kumwa chidede ndi madzi a masamba a mapeyala, akuti akuwonjezera magazi. Sindinalimbane nawo, koma ndawauza kuti si mankhwala. Chimene ndimaopa ndi kuchedwa. Ndalandirapo ana amene anamwetsedwa zimenezi kunyumba mpaka zikhatho ndi m'maso mwayera, akupuma mwabefu, chotsala chokha nkuwathira magazi.

Iwenso kumeneko usamale botolo lako ndi mapiritsi ako otsala. Uziika pamwamba pomwe mwana wako wamkulu uja sangafike, chifukwa amawoneka ngati maswiti ndipo mwana akameza ambiri angathe kumwalira. Chimbudzi cha khanda chikada pang'ono usadabwe, ayironi amatero.

Ngati ukufuna kuthandiza, tumiza ndalama m'malo mwa mabotolo. Tigule neti ziwiri zatsopano, usipa wa mwana ukafika nthawi yake, ndipo ina ikhale yoyendera. Amayi ndawagwirizanitsa kale kuti ndipite nawo ku chipatala cha boma Lachiwiri akayezedwe. Achimwene ndiye akukana, akuti kukodza magazi nkwachibadwa kwa munthu wa kunyanja. Uwayimbire foni iweyo, mwina iwe akumvera.

Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ine mnzako wa ku Salima