Kalata kwa Makolo Potseka Teremu Yoyamba

Okondedwa makolo ndi nonse olera ana,

Teremu yoyamba yatha bwino. Malipoti tawapatsa ana. Chonde muwaone nokha, musangomva za m'kamwa mwawo.

Ambiri mwa inu mwakhala mukufunsa chifukwa chimene ana akutolera mawailesi akufa, matochi ndi mabotolo kunyumba. Ena mpaka munati sukulu yasanduka dzala. Zinthuzo zinkapita ku kalabu ya sayansi, komwe ana amaphunzira zamagetsi pogwira ndi manja awo.

Chimene chandikondweretsa kwambiri ndi kachipangizo kochenjeza za madzi osefukira. Botolo lapulasitiki limayandama m'paipi yoimika. Madzi akamakwera, botolo limakweranso mpaka kukankha kachitsulo kamene kamagunditsa mawaya awiri, belu n'kulira. Poyesa m'ndowa, gulu lina belu silinalire, ndipo aphunzitsi anakana kuwauza polakwika. Anakangana okhaokha mpaka mtsikana wina wa Fomu 2 anapeza kuti batire analiika chozondoka.

Kuno ku Chigwa cha Shire mwana safunika kumufotokozera kuti madzi amapha. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 aliyense akumukumbukira. Chimene ambiri sankadziwa ndi kugwirizana kwa zinthuzi: nyanja yamchere ikamatentha, anamondwe amanyamula mvula yochuluka, ndipo mapiri opanda mitengo sagwira madzi. Ophunzirawo anadabwanso kumva kuti kuzimazima kwa magetsi kwa mu 2022 kunakula chifukwa namondwe wotchedwa Ana anaononga damu la ku Kapichira, komwe amapangira magetsi, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Pophunzira zimenezi n'kuti akulumikiza okha tinyale ta sola. Kunena zoona, mwana amene wapsa chala ndi chowotcherera mawaya saiwala msanga zomwe ankaphunzira tsikulo.

Belu la ana lisalowe m'malo mwa machenjezo a nthambi yoona zanyengo. Mvula yayamba, mverani wailesi, ndipo ana asaoloke mitsinje itadzaza.

Patchuthi pano ena adzafuna kuonetsa ukatswiri. Aloleni akonze tochi kapena wailesi ya mabatire, koma mawaya a ESCOM ndi masoketi a m'nyumba asakhudze ngakhale pang'ono. Mabatire akutha musawaponye pamoto kapena pafupi ndi chitsime. Asungeni m'chitini, ana adzabwere nawo potsegulira. Ngati pali kholo lodziwa kukonza mafoni kapena sola, lidzandione ku ofesi, tikufuna otithandiza teremu ikubwerayi.

Ine wanu,
Mphunzitsi Wamkulu