Tiphunzitse zizindikiro za m'kalembedwe kudzera m'khutu

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga a Chichewa, makamaka a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo, pa nkhani ya zizindikiro za m'kalembedwe. Mwana wa Sitandade 8 mukamufunsa ntchito ya mpumiro amayankha msangamsanga kuti umakhala kumapeto kwa chiganizo. Mpatuliro (,), mfunsiro (?), mfuuliro (!) ndi mitengero (" ") amazitchulanso pamtima. Koma mwana yemweyo akapatsidwa chimangirizo amadzaza tsamba lathunthu ndi "ndipo", "kenako", "ndiye", mpumiro n'kudzaoneka kamodzi pamzere womaliza. Ena amafika nalo vutoli mpaka Fomu 4. Gwero lake n'lakuti timawaloweza matanthauzo okha, pomwe ntchito ya zizindikirozi ndi kuuza wowerenga popumira, pothamanga ndi posinthira mawu. Zoterezi mwana amayamba wazimva asanazilembe.

M'Chichewa sitilemba kukwera ndi kutsika kwa mawu, ndipo funso lopanda "kodi" silisiyana ndi chiganizo wamba. Lembani pabolodi "Wabwera." "Wabwera?" ndi "Wabwera!" Ana atatu awerenge mokweza. Woyamba akungotiuza, wachiwiri akukayika, wachitatu mwina wasangalala mwina wachita mantha. Chitaninso chimodzimodzi ndi "Ndawaona amayi" ndi "Ndawaona, amayi". Koyamba amayi ndiwo aonedwa, kwachiwiri amayi ndiwo akuuzidwa. Mphindi 5 zokha zikukwana, ndipo kalasi imazindikira kuti kachizindikiro kakasuntha nkhani yasintha.

Phunziro lenileni la mphindi 40 lingayende chonchi, ngakhale m'kalasi yodzadza yopanda mabuku okwanira. Lembani pabolodi kandime kopanda chizindikiro chilichonse, ka zinthu zimene ana akuzidziwa:

mvula inayamba madzulo agogo anati tisagone madzi akubwera kuphiri kunamveka phokoso tinathawa

Mwana mmodzi awerenge osapuma mpaka mpweya umuthere. Kenako ana akhale awiriawiri: wina awerenge momwe angafotokozere mnzake, winayo aike kamzere kamodzi pomwe mnzakeyo wapuma pang'ono, timizere tiwiri pomwe waima. Akatha, kamzere kamodzi kasanduke mpatuliro, tiwiri tisanduke mpumiro. Apa pamabuka mkangano wabwino, ndipo musafulumire kuuthetsa. Ena alemba "Madzi akubwera kuphiri. Kunamveka phokoso." Ena alemba "Madzi akubwera. Kuphiri kunamveka phokoso." Onse akhoza, koma afunseni kuti mawu a agogo akuthera pati, ndipo ndi kalembedwe kati kamene kakuopsa kwambiri. Ambiri amasankha kachiwiri, chifukwa agogo alankhula mwachidule ngati munthu wamantha, phiri n'kuyamba chiganizo chake. "Tinathawa." akaliika palokha pamapeto amamva okha kulemera kwake. Chenjezo limodzi: m'midzi imene inakhudzidwa ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 muli ana amene anataya abale. Kumeneko sankhani kandime kena, monga ka msika wa Limbuli kapena ka amayi othyola tiyi m'mamawa kuli chiperoni.

Mphindi 15 zotsiriza mwana aliyense alembe ziganizo 6 zake, zisanu zazitali ndi chimodzi cha mawu osapitirira atatu, ndipo asankhe yekha pochiika. Lamulo la chimodzi chokhali n'lofunika. Mukangoyamikira ziganizo zazifupi popanda malire, mawa lake kalasi yonse imadula chilichonse: "Ndinadzuka. Ndinasamba. Ndinadya. Ndinapita." Chiganizo chachifupi chimagunda mtima pokhapokha chikatsatana ndi zazitali.

Chuma chathu chachikulu pankhaniyi ndi mvekero, ndipo timautaya. Ana akamakamba nthano amadziwa kale kuima kaye asananene "zii", "phii" kapena "khuu". Taonani kusiyana kwa "Anatsegula chitseko ndipo m'nyumba munali zii" ndi "Anatsegula chitseko. Zii." Kwachiwiriko wowerenga waima pakhomo limodzi ndi munthuyo. Auzeni kuti mvekero wa phokoso ukhoza kutenga mfuuliro, "Mtengo uja pansi, khuu!", koma wa bata monga "zii" umafuna mpumiro, popeza palibe amene amafuula bata. Ana ambiri amaika mfuuliro pa mvekero uliwonse chifukwa chozolowera chabe.

Mfuuliro womwewo ndi umene wawonongeka kwambiri ndi WhatsApp ndi Facebook, kumene anthu amaika itatu kapena isanu motsatizana. Pa chimangirizo cha tsamba limodzi lolani iwiri basi, ndipo mwana anene chifukwa chimene waiikira pamenepo. Timadontho tosonyeza kuti mawu sanathe tikhale titatu, ndipo tikhale m'kamwa mwa munthu amene mawu amuthera: "Ndimafuna kukuuzani kuti…" Akamatimwaza pena paliponse ndiye kuti sakudziwa pothera chiganizo, ndipo muyenera kubwerera naye ku timizere tija.

Pa mitengero zolakwika zake n'zodziwika. Mwana amatsekula osatseka, kapena amapanikiza anthu awiri olankhulana m'ndime imodzi. Mankhwala ake ndi kuimika ana awiri kutsogolo, wina wogulitsa nanazi wina wogula, wachitatu akhale wofotokoza. Aliyense akayamba kulankhula, olemba ayambe mzere watsopano. Zimene watulutsa m'kamwa wogula kapena wogulitsa zilowe m'mitengero, za wofotokoza zikhale kunja. Pomwepo onetsani kuti "Anandifunsa ngati ndadya" satenga mfunsiro, chifukwa palibe amene akufunsa tsopano, pomwe "Wadya?" amatenga.

Kachongedwe kathu nakonso kasinthe. Tikamaika tokha zizindikiro zonse ndi cholembera chofiira, mwana amangoyang'ana malikisi n'kutseka kope. Sankhani ndime imodzi, ikani kadontho m'mbali mwa mzere uliwonse umene muli vuto, mwana awerenge mokweza apeze yekha. Ndi ana ochuluka, chongani makope 10 patsiku motere, ena achongerane awiriawiri. Kwa ana amene kunyumba amalankhula Chilomwe kapena Chiyao njira ya khutuyi imathandizanso, chifukwa amamva kayendedwe ka chiganizo cha Chichewa m'malo moloweza lamulo.

Pali mantha amene aphunzitsi ambiri ali nawo, ndipo ndi omveka: kodi ochonga mayeso a PSLCE, JCE ndi MSCE sadzatenga "Zii." ngati chiganizo chosakwanira? Pachifukwa ichi langizani ana kuti m'kalata ya ntchito ndi m'chimangirizo chofotokoza mfundo alembe ziganizo zathunthu zokhazokha, ndipo zoduka azisungire nkhani yopeka, kamodzi kapena kawiri, makamaka m'mawu a anthu olankhula. Ndikupempha a MANEB ndi a Malawi Institute of Education ku Domasi kuti atiuze momveka mmene ochonga amaonera kalembedwe kotere, ndiponso alangizi a maphunziro m'mazoni athu aike phunziroli pa misonkhano ya aphunzitsi ya ku TDC (malo amene aphunzitsi a m'zoni amakumanako pa maphunziro awo) teremu ikubwerayi, aphunzitsi ayesere okha kandime kopanda zizindikiro kaja asanakapereke kwa ana.

Mphunzitsi wa Chichewa,
Chitakale, Mulanje