Kalata kwa mwana wanga pa za galimoto yochedwa kulira

Wokondedwa mwana wanga,

Amayi ako andiuza kuti galimoto ija ndinakusiyira yayamba kuchedwa kulira, ndiponso kuti makaniko wina kumeneko ku Monkey Bay wakuuza kuti ugule pampu yatsopano ya mafuta. Ndalamazo uyambe wazisunga, chifukwa munthu amene sanalumikize geji yoyezera presha pa paipi ya mafuta sangalumbire kuti pampu yafa.

Poyamba utchere khutu pamene ukupotoza kiyi. Injini ikamazungulira mwaulesi ngati munthu amene wadzuka ndi malungo, mlandu suli ku mafuta koma ku batire, ku mitu yake kapena ku sitata. Batire yamoyo imasonyeza mavoti pafupifupi 12.6 injini ili yozima, ndipo siyenera kutsika kwambiri pansi pa 10 pamene sitata ikugwira ntchito. Kutentha kwa kuno kunyanja kumaphwetsa madzi a batire msanga, choncho uyang'ane madziwo ndi kupala zoyerayera zimene zimamera pamitu.

Koma amayi ako akuti injini ikuzungulira mwamphamvu, kungoti imatenga nthawi isanalire, ndipo apa ndi pamene ndikufuna undimvetsetse. Injini ya petulo ya mainjekita, tizipangizo timene timapopera petulo mu injini, imafuna kuti mafuta afike ali ndi presha ya pafupifupi 3 bar, ndipo mkati mwa pampu muli kavavu kakang'ono kamene ntchito yake ndi kusunga preshayo m'paipi ukazimitsa galimoto. Kavavuko kakatha, mafuta amabwerera m'thanki, ndiye m'mawa pampu imayamba yadzaza paipi yonse injini isanalawe kanthu. Galimoto yathuyo pampu yake imalira kwa masekondi awiri kapena atatu ukangoyatsa kiyi, ngakhale kuti si galimoto zonse zakale zimene zimatero. Uyatse kiyi osaliza sitata, udikire phokosolo lithe, uzimitse, ndipo ubwereze katatu. Ikalira msanga pambuyo pake, wadziwa kuti presha ikuthawa galimoto ikaima, ndipo chatsala ndi kupeza kumene ikuthawira.

Si pampu yokha imene imathawitsa presha. Injekita yodontha imathira petulo mu injini galimoto ili chiimire, ndipo uidziwa chifukwa vuto limakula injini ikakhala yotentha, monga ukaima theka la ola pamsika wa Makawa kugula usipa. Polira imatulutsa utsi wakuda wonunkha petulo, mapulagi nawo amakhala onyowa. Palinso legyuleta, imene imalamulira presha ya mafuta ndipo ili ndi kapaipi ka mpweya kochokera ku injini. Uzule kapaipiko ndi kukanunkhiza, pakuti mukapezeka petulo ndiye kuti kampira ka mkati kang'ambika. Ine ndili mnyamata ndinagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndigule pampu, koma galimoto inapitirizabe kuvuta mpaka mkulu wina wa pagalaja anandionetsa kapaipi komweka kakudontha petulo.

Fyuluta yosefa mafuta sindikukumbuka kuti tinaisintha liti, ndipo ndi yotchipa, choncho ingosintha. Galimoto imene ikufooka pokwera mapiri a ku Namwera kapena ikanyamula katundu wolemera, kawirikawiri imakhala kuti fyuluta yatsekeka kapena pampu yatopadi. Ndikudziwa kuti mafuta akasowa nawenso umagula a m'zigubu, ndipo sindikukudzudzula, koma m'zigubumo mumalowa mchenga ndi madzi, pomwe petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene amakoka chinyezi. Chizolowezi chako chothira malita awiri awiri nachonso chikuizunza pampu, popeza imakhala m'thanki ndipo chimene chimaiziziritsa ndi petulo yemweyo. Uyesetse kuti geji yoonetsa kuchuluka kwa mafuta m'thanki isamatsike pansi pa kota.

Ukapita kugalaja, uumirire kuti ayeze presha injini ikulira, kenako azimitse ndi kuisiya geji ili pomwepo kwa mphindi 15 kapena 20 uli kuona ndi maso ako. Singano ikagwa msanga, atseke paipi yochokera kuthanki ndi kuyezanso, kuti adziwe ngati mafuta akuthawira kumbuyo ku pampu kapena kutsogolo ku mainjekita ndi legyuleta. Pomasula paipi pasakhale wosuta fodya pafupi, injini ikhale itazizira, ndipo akulunge nsanza polumikizirapo chifukwa petulo amathovoka.

Ulembe manambala amene geji isonyeze ndipo unditumizire usanalipire chilichonse. Ngati zikuvuta, ubwere nayo kuno ku boma Loweruka likudzali, udzatengenso adzukulu anga kuti agogo awo adzawaone. Upereke moni kwa apongozi anga.

Ndine bambo ako.