Kuphwanya mitanda ya phula la makandulo kusatengedwe mwachibwana

Akonzi,

Tiloleni tilankhule ndi anzathu amene ayamba kumene kupanga makandulo, komanso amene amaphunzitsa ntchitoyi m'magulu a amayi ndi achinyamata. Poti magetsi amazimazima, ndipo midzi yambiri ilibe magetsiwo n'komwe, makandulo ali ndi msika, moti anthu akumabwereka ndalama ku banki mkhonde kuti ayambe bizinesiyi. Chotidandaulitsa n'chakuti maphunziro ambiri amayambira pa phula losungunuka kale: kathiridwe ka m'chikombole, kaikidwe ka chingwe, mitundu ndi fungo. Wophunzira akafika kwawo n'kutsegula katoni, amapeza chimtanda cholimba choti sichilowa mu poto, ndiye amangotola chikwanje. Mabala ambiri a m'manja, phula lotayika ndi makandulo othetheka zimayambira pomwepo.

Phula loyera la kufakitale, lija pa katoni amalemba kuti paraffin wax, nthawi zambiri limabwera m'mitanda ya makilogalamu 5, isanu m'katoni ya makilogalamu 25 kapena khumi m'thumba la makilogalamu 50. Pakatonipo pamakhalanso manambala monga 56/58 kapena 58/60, omwe ndi madigiri amene phulalo limasungunukira. Ena amaimika mtanda wonse mu poto n'kumadikira kuti uzitsika wokha. Musatero. Phula silifulumira kupatsirana kutentha, choncho la pansi limasungunuka n'kupitirira kutentha pamene la pamwamba likadali gwaa. Wophika amasonkhezera moto poganiza kuti wachepa, la pansi lija limayamba kufuka ndi kuchita chikasu, ndipo mtanda ukadyeka kunsi umagwa mwadzidzidzi n'kumwaza phula lamoto m'manja ndi pa mbaula. Zibenthu zazikulu ngati bokosi la machesi zimasungunuka limodzi, zimadya makala ochepa, ndipo zimakwera bwino pa sikelo.

Nkhani yagona pa kuzizira. Phula likazizira limauma n'kumathyoka mosavuta. Likafunda limafewa, ndipo hamala imangosiya zibowo osaliswa. N'chifukwa chake munthu wa ku Dedza kapena ku Mzuzu m'mwezi wa June amathyola mtanda ndi kumenya kumodzi, pamene wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje mu October angamenye mpaka thukuta kamukamu, mtanda n'kumangopindika. Phwanyani m'mamawa dzuwa lisanatuluke, mtanda utagona usiku wonse pa simenti m'chipinda chozizira, uli m'pepala lake. Amene ali ndi firiji yoziziritsa mpaka kuumitsa aikemo mtandawo kwa ola limodzi. Amene alibe aukulunge m'pulasitiki yosabooka n'kuumiza m'beseni la madzi ozizira a pachitsime, kenako aupukute mpaka uume. Kupukutako n'kofunika ngakhale pa wochokera m'firiji, chifukwa ukangotuluka umachita mame. Madzi akalowa mu poto amakhala pansi pa phula. Akathiridwa m'chikombole amasiya timabowo m'kandulo, ndipo kanduloyo poyaka imathetheka n'kumazima yokha. Katoni isasungidwe padzuwa kapena pafupi ndi malata, chifukwa mitanda imamatirirana n'kukhala chinthu chimodzi chovuta kulekanitsa.

Zida zake n'zochepa: matabwa awiri okhuthala, hamala yolemera pafupifupi kilogalamu imodzi kapena chipika cha mtengo wolimba, msomali waukulu kapena chitsulo chosemera cha akalipentala, nsalu yolimba yoyera, ndi pulasitiki yaikulu yoyala pansi. Pa nsaluyo tiimepo pang'ono. Chitenje chakale chochapa bwino, chopinda kawiri, chimagwira ntchito; nsalu yovekera pilo imaposa chifukwa ili kale ngati thumba. Matumba oluka aja timaikamo chimanga amaoneka olimba, koma hamala ikagunda, ulusi wake wa pulasitiki umaduka n'kukanirira m'phula, ndipo simungautolemo wonse. Thumba lomwe munali feteleza, simenti kapena mankhwala a mbewu lisayandikire n'komwe, ngakhale mutalichapa.

Kachitidwe kake ndi aka. Jambulani mzere pakati pa mtanda ndi msomali uja, kubwereza mpaka ngalandeyo ilowe mamilimita 3 kapena 5. Yalani pulasitiki, ikani matabwa awiri aja motalikirana chikhatho chimodzi, ndipo gonekani mtanda pamwamba pake kuti mzere ukhale pampata wa pakati, utayang'ana pansi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, amauyang'anitsa kumwamba kuti aziuona. Mukamenya kuchokera pamwamba, mbali ya kunsi ndi imene imakokeka n'kuyamba kung'aluka, choncho mzere ukakhala kunsiko mng'alu umautsata bwinobwino. Fundani nsalu pamwamba, menyani pakati kamodzi mwamphamvu. Kugogoda pang'onopang'ono kambirimbiri kumangotulutsa nyenyeswa. Ngati mukugwiritsa ntchito mphepete mwa tebulo lolimba, zinthu zimatembenuka: theka la mtanda lilendewere kunja, mzere uyang'ane kumwamba molunjika m'mphepetimo, mnzanu apanikize theka lili patebulo, inu mumenye lolendeweralo. Theka lililonse lichiteni chimodzimodzi. Zidutswa zinayi zikapezeka, ziikeni m'thumba la nsalu lija, mangani kukamwa, ndipo menyerani pa thabwa kufikira zitachepa.

Ngati mukufuna pang'ono chabe, tinene magalamu 500, palibe chifukwa choswera mtanda wonse. Ugonekeni pa thabwa, imikani chitsulo chosemera masentimita 3 kapena 4 kuchokera m'mphepete, chipendekere kumbali yomwe kulibe thupi lanu, n'kumenya. Phula limabenthuka motsata m'mphepetimo. Mtanda usakhale pa ntchafu kapena pakati pa mapazi, ndipo dzanja lisagwire kutsogolo kwa chitsulo.

Poswa mtanda wolimba wa phula loyera, chikwanje, nkhwangwa ndi mpeni wa kukhitchini tikuzikana kotheratu. Phula limapaka mpeniwo ndi chogwirira chomwe, zonse n'kukhala zoterera. Mpeni umalowa pang'ono n'kukanirira, munthu amakankha ndi mphamvu zonse, phula limagonja mwadzidzidzi, ndipo mpeni umathera m'dzanja logwira mtanda lija. Nsonga ya mpeni imathanso kuthyokera m'katimo. Sowo nayo siyithandiza: mano ake amadzaza phula ikangoyenda kangapo. Kuponya mtanda pa simenti kumauswadi, koma zibenthu zimauluka mpaka pansi pa kabati ndipo zimabwerako ndi mchenga. Pomenya valani magalasi oteteza maso, kapena nsalu isachoke pamwamba, poti kachibenthu ka phula lozizira kamakhala ndi nsonga. Ana akhale kutali, ndipo mukamaliza palani pansi ndi kusesa, chifukwa nyenyeswa zikapondedwa pa simenti yosalala munthu amagwa chagada.

Nyenyeswazo ndi ndalama. Ngati kandulo yanu imalemera magalamu 50, mtanda umodzi uyenera kutulutsa makandulo pafupifupi 100. Mukataya magalamu 250 pa mtanda uliwonse, ndiye kuti makandulo asanu apita, ndipo pa katoni yonse ndi makandulo 25. Pulasitiki yoyala pansi ija ndi imene imapulumutsa zimenezi: mumangoipinda n'kukhuthulira mu poto. Zimene zagwera pa dothi musazisakanize ndi zoyera. Zisungeni pazokha, mudzazisungunule ndi kuzisefa pa nsalu yopyapyala. Chingwe cha kandulo chimayamwa phula losungunuka kudzera m'timipata ta ulusi wake. Fumbi ndi mchenga zikatseka timipatato, lawi limachepa, utsi umachuluka, ndipo wogula sabweranso.

Phula la njuchi, lomwe ena amati sera, lili ndi khalidwe lina. Limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, ndipo ndi lonyata: pa kutentha kwa masana hamala imangomira, osaswa kanthu. Alimi a njuchi amaliumitsira m'beseni kapena m'ndowa, choncho limabwera ngati chigulumwa chokhuthala, kunsi kwake kuli litsiro lakuda la zotsalira za zisa. Yambani mwapala litsirolo ndi supuni kapena chitsulo chosathwa musanaswe, apo ayi lifalikira m'zibenthu zonse. Kenako liziziritseni nthawi yotalikirapo kuposa loyera lija, usiku wonse m'firiji ngati n'kotheka, ndi kuliswa ndi chitsulo chosemera kuyambira m'mphepete. Kumene kulibe firiji, mpeni waukulu wosathwa wouviika m'madzi owira n'kuupukuta umadula pang'onopang'ono posungunula njira yake. Apa mphamvu siyifunika, mpeni ukazizira mumangoubwezera m'madzi. Pogula, pemphani kuti chigulumwa chimodzi chiswedwe musanalipire, chifukwa m'kati mumatha kubisala madzi, uchi kapena zinyalala zimene zimawonjezera kulemera. Ndipo alimi a njuchi tikuwapempha kuti azithira phula lawo m'mbale zosaya, lisapitirire masentimita awiri kukhuthala. Loterolo limathyoka ndi manja, limaonetsa ukhondo wake, ndipo wogula sakhala ndi chifukwa chotsitsira mtengo. Tikudandaulanso ndi amene akafinya uchi amataya zisa kudzala, pamene zisazo ndi phula loti likanagulitsidwa. Posungunula phula la njuchi pewani poto wa chitsulo chochita dzimbiri, wa malata kapena wa kopa, chifukwa amalidetsa. Ndiponso likapitirira madigiri 85 limayamba kuda.

Nzeru yothira mosaya ija imathandizanso a kumadera otentha. Sungunulani phula lambiri tsiku limodzi, thirani m'mathireyi mokhuthala sentimita imodzi kapena awiri, ndipo likagwira pamwamba koma likadali lofewa, jambulani mizere yopingasana ndi mpeni. M'mawa mwake mumangothyola ndi manja. Kuipa kwake n'kwakuti makala amapita kawiri, choncho ndi njira ya amene kuzizira kwawakanika.

Mukaswa, yezani. Kilogalamu imodzi ya phula loyera ikasungunuka imadzaza pafupifupi lita imodzi ndi kota, kotero poto wa malita 5 asalandire zoposa makilogalamu 3, kuti patsale malo otakasira. Amene amathira stearin, mafuta ouma oyera osakaniza m'phula, kuti kandulo ilimbe ndi kutuluka bwino m'chikombole amaika pafupifupi magalamu 100 pa kilogalamu iliyonse. Muyezo umenewu sungatheke ngati phula mukuliyeza ndi maso, ndipo zotsatira zake n'zakuti makandulo a lero amalimba, a mawa amapindika pa shelefu ya wogulitsa. Ndi bwino kulongeza zibenthu m'timatumba ta kilogalamu imodzi tsiku lomwe mwaswalo, n'kulembapo nambala ya pa katoni ija.

Posungunula, poto wa phula akhale m'kati mwa poto wina wa madzi, osati pamoto mwachindunji. Madzi owira sapitirira madigiri 100, pamene nthunzi ya phula imagwira moto kutentha kukafika cha m'ma 200. Mbaula yosonkhezera bwino imafikitsa poto wouma pamenepo mosachedwa. Yambani ndi nyenyeswa ndi tizibenthu tating'ono kuti pansi pakhale phula lamadzimadzi, kenako tsitsiranimo zazikulu ndi chipande, osaponya. Madzi a poto wakunja aziwonjezeredwa asanaphwe. Phula likagwira moto musathire madzi, chifukwa amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kuulutsa phula loyaka mbali zonse. Vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, ndipo musanyamule potoyo. Likakugwerani pakhungu, thirani madzi ozizira kwa mphindi 20 musanayese kulimatula, osapaka mankhwala otsukira mano kapena dzira, ndipo bala likakhala lalikulu kapena la kumaso thamangirani kuchipatala. Phula lotsala musalisiye kuti liumire mu poto. Tsiku lotsatira mukalitenthetsanso, la pansi limasungunuka pamene pamwamba pali chikhungwa cholimba, ndipo poti phula limafufuma likasungunuka, limatha kuboola chikhungwacho n'kutumphuka. Lithireni m'thireyi likadali lamadzi.

Kwa ogulitsa phula m'mashopu, pempho lathu ndi ili. Ambiri ogula kwa inu ndi a mpamba wochepa, ofuna kilogalamu imodzi kapena ziwiri. Muziswa mitanda m'mamawa pamalo aukhondo, osati pakhonde la shopu ndi chikwanje wogula ali chiimire. Musasakanize zibenthu za makatoni a manambala osiyana m'thumba limodzi, ndipo wogula muzimuuza nambalayo, chifukwa phula la 56/58 limafewa msanga m'nyumba ya malata nthawi yotentha kusiyana ndi la 58/60. Aphunzitsi nawo abwere ndi mtanda wathunthu m'kalasi, ndipo wophunzira aliyense ajambule mzere, agoneke pa matabwa ndi kumenya yekha, moto usanakolezedwe.

Ife,
Opanga makandulo,
Dedza