Aise, za mikanda ya ku Osogbo zija

Aise,

Ndayamba kuzolowera kuno ku Lagos, kutentha kokha ndiye ayi. Uthenga wako ndinauona, eti wasiya kujambula chifukwa penti ku Leeds yakwera mtengo? Tamvera kaye.

Kuno ku Nigeria kuli mdala wina wojambula dzina lake Jimoh Buraimoh, wa ku tauni ya Osogbo, anabadwa mu 1943 ndipo poyamba anali wa zamagetsi, ankayatsa magetsi pa zisudzo za Duro Ladipo. Mu 1964 analowa nawo maphunziro a zojambula omwe ankachititsa Georgina Beier ku Mbari Mbayo, kalabu ya zaluso ya ku Osogbo komweko, ndiye m'malo momangodalira bulashi iye anayamba kutunga mikanda pa ulusi n'kumamata pa bolodi, mzere ndi mzere, penti n'kumangodzaza mipata yotsala. Ukaima pafupi maso amachita kuthobwa. Koma usaganize kuti anasankha mikanda chifukwa chosowa ndalama ayi. Kwa Ayoruba mikanda ndi ya mafumu, chisoti cha oba, mfumu yawo, chimakhala cha mikanda yokhayokha mpaka ina imalendewera kuphimba nkhope kuti anthu wamba asamuone m'maso. Ndiye Myoruba akaona chithunzi cha Buraimoh amaona ufumu asanazindikire n'komwe kuti pajambulidwa chani. Apa ndi pomwe pandigwira mtima ine, chinthu chomwe wamata chimayamba kuyankhula chokha.

Mnzake wa kalasi yomweyo anali Twins Seven-Seven, amati mayi ake anabereka mapasa kasanu ndi kawiri iye yekha ndi amene anapulumuka, ndipo kwa Ayoruba nkhani ya mapasa si yamasewera, wina akamwalira amamusemera kachiboliboli kotchedwa ere ibeji n'kumakasambitsa ndi kukadyetsa. Twins Seven-Seven ankadula pulayiwudi n'kumasanjikiza kuti mizimu ndi zinyama zake zitukuke pa chithunzi, kenako timizere ta inki mbwee osasiya malo. Zina zimandiopsa kunena zoona, sindingapachike kuchipinda kkk. Anamwalira mu 2011.

Amene anali mkazi wake, Nike Davies-Okundaye, ali ndi chinyumba chosanjikizana ku Lekki kuno ku Lagos chodzadza zojambula, kulowa ndi ulele. Mayiyu anayambira pa adire, nsalu ija amailemba ndi phala la chinangwa pogwiritsa nthenga ya nkhuku kenako n'kuviika mu utoto wa buluu, pomwe panali phala pamatsala poyera.

Sikuti zonse ndi zabwino, zina pa msika wangoona kuti amwaza mikanda ndi zigoba kuti azungu agule basi.

Wina woti umusake pa intaneti ndi Wole Lagunju, amajambula zigoba za Gelede, gule wa Ayoruba, pa mitu ya anthu ovala zachizungu zamafasho. Gelede ili pa mndandanda wa UNESCO limodzi ndi Gule Wamkulu wathu, ndiye ndinakumbuka zithunzi zako za Maliya ndi Kasiyamaliro zija unazisiya theka. Iwe wakulira ku Dedza, sanza, chiguduli, makoko a chimanga, nthenga, ukudziwa chilichonse kuti chimavalidwa ndi gule uti komanso pa mwambo wanji, zomwe mzungu wa pa sukulu yakoyo sangaziwerenge m'buku. Kungoti za kudambwe uzisamale, funsa kaye amalume ako zomwe zingaonetsedwe pagulu.

Mlongo wako akubwera konko mu Disembala eti? Muuze akutengere zitenje zakutha ndi mikanda ya pa msika, guluu ugula konko. Ukayamba unditumizire pa WhatsApp ndione. Upereke moni kwa alamu ndi ana.

Ndine mnzako uja.